Imelo zonamizira dzina la bungwe lathu: kodi SPF, DKIM, DMARC ndi kudandaula za domeni zimathandizadi?

Mayi Nyirenda, Chibavi:
Moni kwa nonse a pa gulu lino. Ine ndine msungichuma wa bungwe laling'ono la alimi kuno ku Mzuzu, ndipo ndabwera ndi nkhani imene ikutisowetsa mtendere. Kasitomala wathu wa ku Lilongwe watiimbira foni kufunsa chifukwa chimene tasinthira akaunti ya ku banki, pomwe ife sitinasinthe kalikonse. Iye analandira imelo yokhala ndi dzina la bungwe lathu, chizindikiro chathu ndiponso invoyisi yofanana ndendende ndi yathu, koma nambala ya akaunti inali ya munthu wina. Mwamwayi anayamba waimba foni asanatumize ndalama. Mnyamata amene anatikonzera webusayiti akunena kuti tiike SPF, DKIM ndi DMARC, ndipo akufuna timulipire pa ntchitoyo. Kodi zinthu zimenezi zili ndi phindu lenileni kwa bungwe la anthu ochepa ngati lathu, kapena ndi za mabanki ndi makampani akuluakulu okha? Komanso, kodi alipo malo kumene munthu angakadandaule kuti adiresi yachinyengoyo itsekedwe?

Bambo Mhango, Luwinga:
Pepani Mayi Nyirenda ndi zimene zakuonekerani. Musanalipire aliyense, muyambe mwadziwa mtundu wa chinyengo chimene chachitika, chifukwa njira zake zilipo zingapo ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Wachinyengo akhoza kulemba adiresi yanu yeniyeni pa malo a wotumiza ngakhale asanalowepo mu imelo yanu, akhoza kulembetsa domeni (dzina limene limabwera pambuyo pa @ mu adiresi ya imelo) ina yofanana ndi yanu, kapena akhoza kukhala kuti anaba pasiwedi ya mmodzi wa inu ndipo akutumiza kuchokera m'bokosi lanu lenileni. Mupemphe kasitomala wanuyo kuti asafufute imeloyo. Ngati amagwiritsa ntchito Gmail pa kompyuta, atsegule imeloyo, adine timadontho titatu tili pakona ya kumanja, asankhe Show original, ndipo akope zonse zimene zituluke n'kukutumizirani. Pamwamba pa tsambalo Gmail imalemba ngati SPF, DKIM ndi DMARC zadutsa kapena zalephera, ndipo m'munsi mwake muli njira yonse imene imeloyo inayenda.

Gwero la vutoli ndi lakale. Njira yotumizira imelo, yotchedwa SMTP, inalembedwa ndi Jon Postel mu 1982 m'chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 821, pa nthawi imene ogwiritsa ntchito anali ochepa ndipo ankakhulupirirana. Siinapangidwe kuti izifufuza ngati wotumiza ndi mwini dzina amene walembedwa. Zili ngati envulopu ya ku positi ofesi, imene munthu aliyense akhoza kulembapo kumbuyo dzina ndi keyala ya munthu wina, ndipo kalatayo imafika ndithu.

Bambo Kaunda, Mchengautuwa:
Ndikupempha kuti tisamalemetse mabungwe ang'onoang'ono ndi zinthu zimene si vuto lawo lalikulu. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa kuno anaberedwa kudzera pa foni, wina atawaimbira kuti watumiza ndalama molakwika pa Mpamba kapena pa Airtel Money, kapena kudzera pa uthenga wa WhatsApp wonamizira m'bale. Mabizinesi ambiri a m'tauni muno alibe ngakhale domeni yawo, amangogwiritsa ntchito adiresi ya Gmail. Kodi si bwino kuti Mayi Nyirenda angouza makasitomala awo onse kuti aziimba foni asanalipire, ndalama ya mnyamatayo n'kuisunga?

Bambo Mhango, Luwinga:
Bambo Kaunda, za kuimba foni mwanena zoona, ndipo lamulo limenelo likhalepo ngakhale zina zonse zitakonzedwa. Amene ali ndi adiresi ya Gmail yokha alibenso choti akonze, popeza Google ndiyo imasamalira domeniyo. Koma bungwe la Mayi Nyirenda lili ndi domeni yake, ndipo ndalama zimene zimayenda pa invoyisi imodzi ya kasitomala wogula zambiri sizingafanane ndi zimene munthu amaberedwa pa uthenga wa pa foni. Mundilole ndifotokoze zimene zinthu zitatuzi zimachita, kuti aliyense adziweruzire yekha.

Zonse zitatu ndi mizere ya mawu imene imalembedwa mu DNS ya domeni yanu, kaundula wa pa intaneti wosonyeza maseva a domeni iliyonse, ndipo palibe chipangizo kapena pulogalamu yogula. SPF ndi mndandanda wa maseva, kapena kuti makompyuta otumiza ndi kulandira imelo, amene mwini domeni wawalola kutumiza imelo m'dzina lake. Mzere wake umayamba ndi v=spf1, ndipo ukathera ndi -all ndiye kuti seva ina iliyonse yosatchulidwa si yanu. Inalembedwa koyamba mu 2006 ndipo inakhazikitsidwa mu 2014 m'chikalata cha RFC 7208. Chofooka chake n'chakuti siyang'ana adiresi imene wowerenga amaiona, koma ina yobisika yotchedwa Return-Path, choncho wachinyengo akhoza kudutsa SPF ndi domeni yake uku akuonetsa dzina lanu pamwamba. Ilinso ndi malire akuti isafunse DNS kopitirira ka 10, ndipo amene amangowonjezera makampani ambirimbiri mumzerewo amaiwononga osadziwa.

DKIM ndi siginecha imene seva yanu imaika pa imelo iliyonse pogwiritsa ntchito kiyi wachinsinsi. Kiyi wina woyenderana naye amaikidwa poyera mu DNS, ndipo wolandira amamugwiritsa ntchito potsimikiza kuti imeloyo inachokeradi ku domeniyo ndiponso kuti sinasinthidwe panjira. Inachokera ku ntchito ya Yahoo ndi ya Cisco zimene zinaphatikizidwa, ndipo chikalata chake chogwiritsidwa ntchito lero ndi RFC 6376 cha 2011. Muuze wokonzayo asankhe kiyi wa mabiti 2048.

DMARC ndiyo imamanga ziwirizi pamodzi, ndipo kwa ine ndi pamene pagona phindu. Inayamba mu 2012 ndipo inalembedwa mu RFC 7489 mu 2015. Imafuna kuti domeni imene yadutsa SPF kapena DKIM ikhale yomweyo imene wowerenga akuiona pa mzere wa From, ndipo imapatsa mwini domeni mphamvu youza maseva a dziko lonse chochita ndi imelo yolephera. Mukalemba p=none mukuti angoilandira koma akudziwitseni, mukalemba p=quarantine mukuti aiike ku spam, ndipo mukalemba p=reject mukuti aikane isalowe n'komwe. Bungwe limene lili ndi SPF ndi DKIM koma DMARC yake ili pa none silinadziteteze ku chinyengo chonga ichi, langoyamba kuona zimene zikuchitika.

Mayi Chirwa, Katoto:
Ndiwonjezere mbali ina imene ife a malo ogona alendo timaiona. Phindu lake si loletsa akuba lokha, koma kuti imelo zanu zenizeni zizifika. Alendo athu ambiri amasungitsa malo pa imelo, ndipo panali nthawi imene mayankho athu ankagwera ku spam kwa amene ali ndi Gmail, mlendo n'kuganiza kuti sitinamuyankhe n'kupita kwina. Chifukwa chake chinali chakuti fomu ya pa webusayiti yathu inkatumiza imelo kuchokera pa seva imene sinali pa mndandanda wa SPF ndipo inalibe siginecha. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo. Aliyense wotumiza ku Gmail ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo amene amatumiza imelo zoposa 5,000 pa tsiku ayenera kukhala ndi zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC. Microsoft nayo inatsatira mu May 2025 pa Outlook.com. Ife sitifika pa 5,000, koma lamulo loyambalo limatikhudza tonse, ngakhale sukulu yotumiza kalata ya fizi kwa makolo kapena bungwe lotumiza lipoti kwa amene amalithandiza ndi ndalama.

Mayi Nyirenda, Chibavi:
Zikomo nonse. Kasitomala uja watumiza zimene Bambo Mhango ananena. Pa mzere wa From pali adiresi yathu yeniyeni, chilembo ndi chilembo. SPF yalemba none, za DKIM palibe, ndipo za DMARC palibenso. Koma ndaona mzere wina wolembedwa Reply-To, ndipo pamenepo pali adiresi ina yothera ndi .com pomwe yathu imathera ndi .mw. Ndinayamba kuiwerenga ngati dzina lathu, koma nditakulitsa zilembo ndaona kuti pa malo a m alembapo r ndi n zogundizana. Kasitomalayo akanadina Reply, yankho lake likanapita kumeneko. Iye akutinso mu imeloyo munali linki yopita ku tsamba lokhala ndi chizindikiro chathu, lopempha kuti alowetse imelo ndi pasiwedi yake kuti aone invoyisi yonse.

Bambo Msiska, Chiputula:
Mayi Nyirenda, zimene mwapezazi zikuyankha mafunso anu onse awiri nthawi imodzi. Mzere wa From wonamawo ukanakanidwa ndi Gmail mukanakhala ndi DMARC ya p=reject, choncho mnyamata wanuyo sakukunamizani. Koma domeni ya r ndi n ija ndi ya wachinyengoyo, iye ndiye mwini wake, ndipo akhoza kuiikira SPF, DKIM ndi DMARC zake n'kudutsa mayeso onse bwinobwino. Palibe chimene mungalembe mu DNS yanu chimene chingakhudze domeni ya munthu wina. Pamenepa njira yotsala ndi kudandaula kwa amene ali ndi mphamvu yoitseka.

Muyambe ndi kufufuza kampani imene inalembetsa domeniyo. Pitani pa lookup.icann.org, lembani dzina la domeniyo, ndipo muona dzina la registrar (kampani yogulitsa ndi kulembetsa madomeni), tsiku limene domeniyo inalembetsedwa ndi adiresi yolandirira madandaulo. Dzina la mwini wake nthawi zambiri limakhala lobisika, koma inu simukulifuna. Tsiku lolembetsera ndi umboni wamphamvu, chifukwa domeni yofanana ndi dzina lanu imene yangolembetsedwa masiku apitawa imadzionetsa yokha cholinga chake. Ma registrar onse ovomerezedwa ndi ICANN, bungwe loyang'anira mayina a madomeni pa dziko lonse, ali ndi pangano lowakakamiza kukhala ndi malo olandirira madandaulo, ndipo kuyambira pa 5 April 2024 panganolo linasinthidwa kuti azitsimikiza kuti alandira dandaulo ndi kuchitapo kanthu mwachangu akapatsidwa umboni wokwanira. Mwa zinthu zimene ICANN imaziwerenga ngati kugwiritsa ntchito DNS molakwika muli phishing, kutanthauza kunyenga munthu kuti aulule pasiwedi kapena zinsinsi zake, ndipo tsamba lopempha pasiwedi lija ndi phishing yeniyeni. Mawu amenewa muwalembe pa mutu wa dandaulo lanu.

Musalekere pa registrar yekha. Tsambalo lili pa seva ya kampani ina, ndipo imeloyo inatumizidwa kuchokera pa nambala ya IP, imene ndi keyala ya seva pa intaneti, ndipo ikuoneka pa mizere ya Received mu zimene kasitomala anakopera. Nambala iliyonse ya IP ili ndi mwini wake wolembedwa ku mabungwe asanu a zigawo za dziko, ndipo la Africa ndi AFRINIC limene lili ku Mauritius. Makampani ambiri amalandira madandaulo pa adiresi yoyamba ndi abuse@, mwambo umene unalembedwa mu RFC 2142 mu 1997. Mutumizenso linkiyo pa fomu ya Google Safe Browsing, chifukwa akaitsimikiza, Chrome, Firefox ndi Safari zimayamba kuonetsa chenjezo kwa aliyense wotsegula tsambalo ngakhale domeniyo isanatsekedwe.

Bambo Kaunda, Mchengautuwa:
Bambo Msiska, zonsezi zikumveka bwino pofotokoza, koma ine ndinadandaulapo kwa registrar wina wa kunja za domeni imene inkanamizira ofesi yathu, ndipo chimene ndinalandira ndi uthenga wa makina wonena kuti dandaulo lafika. Domeniyo inapitiriza kugwira ntchito kwa nthawi yaitali. Komanso domeni ya .com ndi yotsika mtengo kwambiri kwa anthu amenewa. Mukatseketsa imodzi lero, mawa alembetsa ina yokhala ndi chilembo china. Ndikuona ngati tikutaya nthawi ya munthu amene ali ndi ntchito zambiri za bungwe.

Bambo Msiska, Chiputula:
Sindikutsutsa zimene munakumana nazo, Bambo Kaunda, ndipo ma registrar ena ndi aulesi pa nkhaniyi. Koma madandaulo ambiri amafera pa chifukwa chimene tingathe kuchipewa. Munthu amalemba kuti domeni yakuti ikutibera, chonde itsekeni, n'kuikapo chithunzi cha imelo chojambula pa foni. Wolandira dandaulolo ali kutali, sadziwa bungwe lanu, ndipo sangatseke domeni ya kasitomala wake chifukwa cha chithunzi chimene aliyense angachipange. Dandaulo logwira mtima limakhala lalifupi, lolembedwa m'Chingerezi, ndipo limatchula domeni yachinyengo, domeni yanu yeniyeni imene ikunamiziridwa, linki yonse ya tsambalo, tsiku ndi nthawi imene munaliona, chithunzi cha tsambalo chooneka adiresi yake pamwamba, ndi header yonse ya imelo, zimene zinatuluka pa Show original zija, monga mmene kasitomala anaikopera. Mulitumize kuchokera pa adiresi ya domeni yanu kuti aone kuti ndinu eni dzina. Pa malo a kadontho ka mu linkiyo muike kadontho kotsekeredwa m'mabulaketi, kuti wina asaidine mwangozi ndiponso kuti dandaulo lanulo lisagwidwe ngati spam. Registrar akapanda kuchitapo kanthu ngakhale umboni ulipo, mukhoza kumusumira ku ICANN Contractual Compliance, ndipo uthenga wa makina uja umene munaunyoza ndi umboni wa tsiku limene analandira dandaulo.

Za kuti alembetsa ina, n'zoona. Koma taganizirani kuti imelo ija mwina sinapite kwa kasitomala mmodzi yekha. Ena sanaitsegulebe, ena aitsegula kumapeto a mwezi pa nthawi yolipira. Domeniyo ikatsekedwa, linki ya mu imelo zonse zimene zinatumizidwa kale imafa, ndipo amene adine Reply yankho lawo libwerera. Wachinyengoyo amayenera kuyambiranso, ndipo pofika nthawiyo makasitomala anu mwawachenjeza kale. Kwa ine zimenezi n'zokwanira kulipira ola limodzi lolemba dandaulo.

Mayi Gondwe, Zolozolo:
Ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, domeni yachinyengo ikakhala yothera ndi .mw timapita kuti? Lachiwiri likupita kwa Bambo Mhango. Kusukulu kumene ndimagwira ntchito aphunzitsi ena anakonza kuti imelo zawo za kuntchito zizipita zokha ku Gmail yawo, ndipo tili ndi pulogalamu ya fizi imene imatumiza malisiti m'dzina la sukulu. Ndikuopa kuti tikaika p=reject imelo zathu zomwe zizikanidwa, makolo osalandira malisiti, ndipo mlandu udzagwera ine amene ndinabweretsa ganizolo.

Bambo Msiska, Chiputula:
Mayi Gondwe, malamulo a ICANN amene ndatchula sagwira pa madomeni a mayiko. Domeni ya .mw imayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, choncho dandaulo la domeni yotere lipite kumeneko ndi umboni womwewo. Pa nkhani iliyonse, kaya ndi .mw kapena .com, mudziwitsenso Malawi CERT, nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti imene ili pansi pa MACRA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Kwa Mayi Nyirenda pali chinthu china chofulumira kuposa zonsezi. Nambala ya akaunti ili pa invoyisi yabodzayo ndi ya banki inayake, ndipo ngati ndi banki ya m'dziko muno, mupite nayo ku bankiyo ndi ku polisi lero lomwe, chifukwa akauntiyo inatsegulidwa ndi munthu wokhala ndi chiphaso.

Bambo Mhango, Luwinga:
Mantha anu ndi oyenera, Mayi Gondwe, ndipo ndi chifukwa chake palibe amene ayenera kuyamba ndi reject. Mu 2014 Yahoo itaika p=reject, magulu ambiri okambirana pa imelo anasokonekera, chifukwa maseva awo ankasintha uthenga panjira n'kuphwanya siginecha. Muyambe ndi mzere wa _dmarc wokhala ndi p=none ndi rua, imene ndi adiresi yolandirira malipoti. Google, Yahoo, Microsoft ndi ena azikutumizirani lipoti pafupifupi tsiku lililonse losonyeza maseva onse amene atumiza imelo m'dzina lanu, kuchuluka kwake, ndi ngati zadutsa. Malipotiwo amabwera m'mafayilo a XML ovuta kuwerenga ndi maso, koma pali mawebusayiti amene amawasandutsa tebulo, ena mwaulere. Mukawawerenga kwa masabata angapo, makamaka mpaka nthawi yotumiza malisiti itadutsa, mudzaona pulogalamu ya fizi ija ndi china chilichonse chimene munachiiwala. Chilichonse chimene chili chanu muchikonzere SPF ndi DKIM, kenako mupite pa quarantine, ndipo malipoti akakhala oyera mufike pa reject. Boma la United States linalamula nthambi zake mu October 2017 kuti zifike pa reject pasanathe chaka, kusonyeza kuti ngakhale mabungwe okhala ndi maseva ochuluka amakwanitsa.

Za aphunzitsi aja, imelo ikapatsiridwa kuchoka pa seva ina kupita ku Gmail, SPF imalephera chifukwa seva yomaliza si ya wotumiza, koma siginecha ya DKIM imapulumuka bola uthenga usasinthidwe, ndipo DMARC imafuna chimodzi chokha mwa ziwirizi kuti chidutse mogwirizana ndi From. Choncho musadalire SPF yokha.

Chimene ndimachiona chikulepheretsa mabungwe ambiri kuno si luso ayi, koma umwini wa domeni. Nthawi zambiri domeni inalembetsedwa m'dzina la munthu amene anakonza webusayiti, pa imelo yake, ndipo pasiwedi ya DNS ali nayo yekha. Iye akasamukira ku Lilongwe kapena ku South Africa, bungwe silingasinthe ngakhale mzere umodzi. Mayi Nyirenda, polipira mnyamatayo muike m'pangano kuti domeni ikhale m'dzina la bungwe, kuti malipoti a DMARC azibwera pa adiresi ya bungwe, ndiponso kuti ntchito yake idzatha pamene mwafika pa reject, osati pa tsiku loika mizere itatuyo.

Mayi Chirwa, Katoto:
Pali funso limene sitinalifunse. Anthu amenewa anaipeza kuti invoyisi yeniyeni ya bungwe, ndipo anadziwa bwanji kuti kasitomala ameneyu ali ndi ngongole yoti alipire? N'kutheka kuti bokosi la imelo la wina, kaya kwa Mayi Nyirenda kapena kwa kasitomalayo, linalowedwa kale. Ngati ndi choncho, tsiku lina adzatumiza kuchokera m'bokosi lenilenilo, ndipo SPF, DKIM ndi DMARC zonse zidzalemba kuti zadutsa, popeza imeloyo idzakhala yochokeradi pa seva yoyenera.

Bambo Mhango, Luwinga:
Mwakhudza poyenera, Mayi Chirwa. Onse a m'bungwemo asinthe mapasiwedi awo, ayatse njira yotsimikizira kawiri polowa, ndipo aliyense atsegule pa zokonzera za imelo yake aone pa Forwarding ndi pa Filters. Akuba amakonda kusiya lamulo lobisika loti imelo iliyonse yokhala ndi mawu akuti invoice kapena payment izipita kwa iwo, ndipo lamulolo limapitiriza kugwira ntchito ngakhale pasiwedi itasinthidwa. Kasitomala uja nayenso achite chimodzimodzi, makamaka ngati analembapo pasiwedi yake pa tsamba lija.

Mayi Nyirenda, Chibavi:
Zikomo kwambiri nonse. Dandaulo lapita kwa registrar ndi kwa kampani yosunga tsambalo, linki ndaitumiza ku Google, ndipo wapampando wathu wapita ku banki ndi invoyisi yabodzayo. Ndili ndi funso lina. Tili ndi domeni yakale imene tinaisiya titasintha dzina la bungwe, timangoilipirabe chaka ndi chaka koma sititumizirapo imelo. Kodi imeneyonso ikufunika kanthu?

Bambo Mhango, Luwinga:
Ikufunika, ndipo imeneyo ndi yosavuta chifukwa palibe imelo yanu imene ingatayike. Muike SPF yolembedwa v=spf1 -all yokha, kusonyeza kuti palibe seva iliyonse yololedwa, ndi DMARC ya p=reject nthawi yomweyo osadikira malipoti. Mupitirize kuilipira, popeza makasitomala anu akale akulikumbukirabe dzinalo ndipo mukaisiya munthu wina aliyense akhoza kuilembetsa. Malipoti oyamba a domeni imene mukugwiritsa ntchito panopa akafika, muwaike pano titachotsapo maadiresi a anthu, tidzathandizane kuona maseva amene ali anu ndi amene si anu.